Chihindi cha pamsika ndi malo odyera: yambani ndi kamawu kakuti "se"

Amalawi ambiri amene amapita ku India sapita kokayenda. Ena ndi ana asukulu, ena amakatenga katundu wa bizinesi, koma amene ndikuwadziwa ine ambiri amapita ndi wodwala. Inenso ndinaperekeza amalume ku Delhi, tikukhala m'kachipinda ka lendi pafupi ndi chipatala. M'kati mwa chipatalamo Chingerezi chinkakwana. Zinkavuta ndikangotuluka pageti, chifukwa bambo wogulitsa ndiwo zamasamba pangolo, mnyamata wophika tiyi ndi mayi wogulitsa nthochi sankachidziwa Chingerezicho, pomwe wodwala wanga ankafunika chakudya chopanda tsabola, cha mchere wochepa, pamtengo woti thumba lathu lipirire. Zimene ndalemba apa ndi zimene zinandithandiza, mu ndondomeko imene ndikanakonda kuti munthu wina andiphunzitsire ndisananyamuke.

Yambani mwadziwa kumene mukupita. Chihindi chimagwira ntchito ku Delhi, Noida, Gurugram, Jaipur, Lucknow ndi madera ambiri a kumpoto ndi pakati pa dzikolo, ndipo ku Mumbai amachimvanso ngakhale chilankhulo cha eni dera ndi Chimarathi. Ku Chennai amalankhula Chitamil, ku Bengaluru Chikannada, choncho kumeneko musachidalire kwambiri. Chihindi chili ndi zilembo zakezake za Devanagari, koma pa ulendo wa milungu yochepa musayambire pamenepo. Ine ndalemba ndi zilembo zathu, ndipo pamene pali "aa" muzikoka "a", pa "ee" muzikoka "i", pa "oo" muzikoka "u".

Choyamba, konzani lilime

Pali pamene ife tili ndi mwayi. Timasiyanitsa kale "kula" ndi "khula", "pala" ndi "phala", ndipo Chihindi chimadalira mpweya womwewu: *pal* ndi kamphindi, *phal* ndi chipatso. Pamenepa Mmalawi savutika.

Pamene timapunthwa ndi patatu. Kwathu l ndi r ndi pachibale, koma kumeneko *kal* ndi dzulo kapena mawa, *kar* ndi kuchita. Chachiwiri, timakonda kutsekera mawu ndi "i" kapena "u", pomwe iwo amadula: ndi *daal*, osati "daali". Chachitatu ndi kutalika kwa liwu. *Kam* ndi kuchepa, *kaam* ndi ntchito. Mukafuna kunena kuti "tsitsani mtengo" mumati *kam keejiye*, ndipo mukakoka molakwika mwauza bambo wa eni kuti "gwirani ntchito". Bwerezani mawu awiriwa mpaka khutu lizolowere.

Chachiwiri, ulemu

Apa palibe chachilendo. *Aap* ndi "inu", *tum* ndi "iwe" wa pachinzake, ndipo palinso *tu* amene mlendo asamukhudze n'komwe. Gwiritsani *aap* kwa aliyense. Wogulitsa wamwamuna mumutchule *bhaiyaa*, ndiye kuti achimwene. Wamkazi *didi*, achemwali. Kamawu kakuti *ji* kamagwira ntchito ngati "a" wathu wa pa dzina, kungoti iko kamabwera kumapeto: *bhaiyaa ji*, *haan ji* (inde), *ji nahin* (ayi).

Kupempha mwaulemu kumathera ndi *-iye*. Sungani anayi awa: *deejiye* (patseni), *dikhaaiye* (ndionetseni), *laaiye* (bweretsani), *bataaiye* (ndiuzeni). Onjezerani *chaahiye*, amene amanena chimene mukufuna: *mujhe paani chaahiye*, ndikufuna madzi, *nahin chaahiye*, sindikufuna. Mneni amakhala kumapeto kwa chiganizo nthawi zonse, ndipo ichi muchizolowere msanga.

Chachitatu, kuyerekeza, pamene pagona nkhani yonse

Munthu pamsika sakamba zambiri. Amaona chinthu, n'kufuna chotchipa kuposa chimenecho, chachikulu kuposa chimenecho, kapena chofanana nacho. Mukadziwa kunena zimenezi, simufunikanso kudziwa dzina la chinthucho, chala chimakuthandizani.

"Kuposa" wa Chihindi ndi *se*. Kusiyana kwake n'kwakuti ife timati "nthochi ndi yotchipa kuposa mango", pomwe iwo amaika chinthu choposedwacho patsogolo, *se* pambuyo pake, kenako khalidwelo: *kelaa aam se sastaa hai*. Mawu ndi mawu, akuti "nthochi, mango kuposa, yotchipa ili". Njira yosavuta yokumbukirira ndi iyi: chimene chatsatiridwa ndi *se* ndicho chaposedwa. Tembenuzani chiganizocho muone: *aam kele se mehengaa hai*, mango ndi odula kuposa nthochi. Mwaona kuti *kelaa* wasanduka *kele*. Mayina a gulu lachimuna (za maguluwa ndifotokoza pansipa) othera ndi "aa" amatero akakumana ndi *se*.

Tsopano tengani "ichi" ndi "icho". Ichi ndi *yeh*, icho ndi *voh*, koma zikalumikizana ndi *se* zimasanduka *isse* ndi *usse*. Mawu akuti *isse*, kuposa ichi, ndi amene ndinawagwiritsa ntchito kwambiri pa ulendo wonse. Mwanyamula malaya ku Sarojini Nagar, msika wa zovala wa ku Delhi, akukuthinani: *isse baraa dikhaaiye*, ndionetseni aakulu kuposa awa. Akukhwepa: *isse chhotaa*. Mtengo wakwera: *isse sastaa hai?* Nsalu yake ndi yopepera: *isse acchaa dikhaaiye*. Mawu a "chachikulu" mudzawaona atalembedwa *baraa* kapena *badaa*, chifukwa liwu lake lili pakati pa r ndi d, lilime litapindikira kumwamba.

Kuposa zonse n'kosavuta kwa ife, pakuti amaganiza ngati mmene timaganizira. *Sab* ndi "zonse", ndiye *sabse* ndi "kuposa zonse" ndendende. *Sabse sastaa kaun saa hai?* Chotchipa kuposa zonse ndi chiti? *Sabse acchaa chaawal dikhaaiye*, ndionetseni mpunga wabwino kuposa wonse. Mngelezi amayenera kuiwala kaye kasinthidwe ka mawu ake kuti amvetse zimenezi. Ife timangosintha malo a mawu basi.

Pali mawu ena awiri oyendera limodzi, *zyaadaa* (kwambiri, zochuluka) ndi *kam* (pang'ono, zochepa). *Isse zyaadaa*, zoposa izi. *Isse kam*, zochepera apa. *Kam* akaima patsogolo pa khalidwe amalichepetsa: *kam teekhaa*, chosawawa tsabola kwambiri, *kam meethaa*, chosatsekemera kwambiri. Ndipo mukafuna chofanana, nenani *aisaa hi chaahiye*, ndikufuna chotere chomwechi, kapena *aisaa hi, lekin laal*, chotere koma chofiira. Zinthu ziwiri zikalingana, *dono baraabar hain*.

Chotsala ndi mgwirizano wa mawu. Ife timati chipewa chotchipa, nsapato yotchipa, malaya otchipa, ndipo sitiganizako n'komwe. Chihindi chili ndi magulu awiri okha, mayina aamuna ndi aakazi. Khalidwe lothera ndi "aa" limasintha: *sastaa* pa dzina lachimuna, *sasti* pa lachikazi, *saste* pa aamuna ambiri. Tiyi, *chai*, ndi dzina lachikazi, choncho *chai coffee se sasti hai*. *Roti* (chapati), *daal* (ndiwo za nandolo kapena nyemba zoswa), *sabzi* (ndiwo zamasamba) ndi *machhli* (nsomba) nawonso ndi aakazi. *Paani*, *doodh* (mkaka) ndi *chaawal* ndi aamuna. Mawu monga *garam* (chotentha), *saaf* (choyera, chaukhondo) ndi *laal* sasintha. Malangizo anga ndi akuti musachite mantha ndi gawo limeneli. Mukalakwitsa amakumvanibe, monga mmene timamumvera mlendo akati "nsapato chabwino". Phunzirani dzina lililonse pamodzi ndi khalidwe limodzi, monga *thandaa paani* (madzi ozizira) ndi *thandi lassi* (chakumwa chozizira cha chambiko), ndipo gulu lake lidzakhazikika lokha m'mutu.

Chachinayi, manambala, makamaka a theka

Kuyambira 1 mpaka 10: *ek, do, teen, chaar, paanch, chhe, saat, aath, nau, das*. Kenako gwirani 20 *bees*, 30 *tees*, 40 *chaalees*, 50 *pachaas*, 100 *sau*, 1,000 *hazaar*. Manambala a pakati, monga 37 kapena 68, ali ndi dzina lakelake lililonse, ndipo kuwaloweza onse n'kutaya nthawi. Ogulitsa ambiri amadziwa manambala a Chingerezi, apo ayi apatseni foni alembe. Chenjerani ndi *pachees* (25) ndi *pachaas* (50), komanso *saat* (7) ndi *saath* (60). Pa mabilu a kuchipatala mudzamva *lakh*, amene ndi 100,000, ndipo amalemba 1,00,000. Makoma akewo si olakwika, ndi mmene amawerengera.

Chimene chinandisokoneza ndi mawu a theka, ndipo mabuku ambiri oyambira sawapatsa malo okwanira. Tsiku lina madzulo ndinagula zipatso pangolo ina, bamboyo n'kunena kuti *dhaai sau*. Ndinamva *sau*, ndipo liwu loyambalo linamveka ngati *do*, ndiye ndinapereka ma rupee 200, ndalama za kumeneko. Iye sanabweze dzanja, analisiya lili chitambasulire, akubwereza mawu omwewo mofatsa. Mayi wina amene ankasankha mapapaya pambali panga anatulutsa 50 m'kachikwama kake n'kundionetsa, osalankhula kanthu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti *dhaai* ndi ziwiri ndi theka, ndipo *dhaai sau* ndi 250.

Ndiye agwireni bwino awa. *Aadhaa* ndi theka. *Dedh* ndi chimodzi ndi theka, choncho *dedh sau* ndi 150 ndipo *dedh kilo* ndi kilo ndi theka. *Dhaai* mwamudziwa. Kuyambira pa 3 amagwiritsa ntchito *saadhe*: *saadhe teen sau* ndi 350. *Savaa* amaonjezera kota, *savaa sau* ndi 125. *Paune* amachotsa kota, *paune do sau* ndi 175. Pa sikelo, *paav* ndi kota ya kilo, magalamu 250, ndipo nthochi amagulitsanso pa *darjan*, kutanthauza 12.

Chachisanu, pitani pangolo ya ndiwo

Pangolo m'pabwino kuyeserera, chifukwa zambiri zimene zili pamenepo timazidziwa. *Bhindi* ndi therere lobala. *Baingan* ndi mabilinganya, *pyaaz* anyezi, *tamaatar* matimati, *aaloo* mbatatesi, *lehsun* adyo, *mirch* tsabola, *pattaa gobhi* kabichi, *kaddoo* dzungu. M'nyengo yozizira mudzapeza *sarson kaa saag*, umene ndi mpiru, ndipo anthu a ku Punjab amaudyera ndi *makke ki roti*, chapati cha ufa wa chimanga. M'sitolo ya zouma, imene amaitcha *kiraanaa*, funsani *toor daal* kapena *arhar daal*: ameneyo ndi nandolo wosenda n'kuswa pakati, mbewu yomwe alimi a kum'mwera kwa dziko lathu amalima n'kumagulitsidwa ku India komweko. *Raajmaa* ndi nyemba zofiira, *moongphali* mtedza, *namak* mchere, *cheeni* shuga, *tel* mafuta, *andaa* dzira. Mukaisowa nsima, funsani *makke kaa aataa*, ufa wa chimanga, kungoti nthawi zambiri umakhala wachikasu. Amalume anaukana tsiku loyamba, tsiku lachitatu anaupempha okha.

Kufunsa mtengo ndi *yeh kitne kaa hai?* Pa zoyeza pa sikelo anthu amati *kyaa bhaav hai?* Chinthu chimene simukudziwa dzina lake, lozani n'kufunsa *isko Hindi mein kyaa kehte hain?* Mudzaona wogulitsa akusangalala kukuphunzitsani, ndipo mawu ophunzira chinthu chili m'manja saiwalika. Mukamaliza kugula ndiwo, kumpoto kwa India kuli mwambo wa basera ngati kwathu: amakuponyerani kamtolo ka *dhaniyaa*, masamba onunkhira aja, ndi titsabola tingapo tatiwisi. Akaiwala, *thodaa dhaniyaa daal deejiye*, ponyanimo *dhaniyaa* pang'ono, si mwano.

Dziwaninso poyenera kunenerera. Katundu wa m'paketi amakhala ndi mtengo wosindikizidwa pambali pa zilembo za MRP, ndipo lamulo silimulola wogulitsa kupyola pamenepo. Tembenuzani paketiyo muwerenge, palibe chokambirana. M'masitolo ena mudzaona chikwangwani cha *ek daam*, mtengo umodzi. Koma m'misika ya zovala monga Sarojini Nagar ndi Janpath, mtengo woyamba ndi poyambira nkhani chabe, ngati pa kaunjika. Apa m'pamene kuyerekeza kuja kumabweza ndalama m'thumba. Zimayenda chonchi:

"*Bhaiyaa, yeh kitne kaa hai?*"
"*Paanch sau.*"
"*Bahut mehengaa hai. Isse sastaa dikhaaiye.*"
"*Yeh sabse acchaa hai.*"
"*Doosri dukaan mein isse sastaa hai. Thodaa kam keejiye.*"

Mwamuuza kuti chadula kwambiri, iye wayankha kuti ichi n'chabwino kuposa zonse, inu mwati m'sitolo ina n'chotchipa kuposa apa, atsitseko pang'ono. Akakanitsitsa, nenani *rehne deejiye*, zisiyeni, muyambe kuyenda. Akakuitanani, mtengo watsika. Akapanda kukuitanani, ndiye kuti mtengo wanu unatsikitsa, ndipo mwaphunzirapo za sitolo yotsatira. Mukavomera, mawu ake ndi *theek hai*, chabwino. Ogulitsa ambiri amalemekeza malonda oyamba a tsiku, amene amawatcha *bohni*, choncho kasitomala wolawirira safuna kumutaya. Koma pa mayi wa nthochi ndi bambo wa pangolo musalimbane ndi ma rupee awiri kapena atatu. Amenewo ndi anthu ovutika ngati amayi athu a pa msika wa Ndirande.

Pa kulipira, eni dziko ambiri amagwiritsa ntchito foni kudzera pa UPI, njira imene inayamba mu 2016, ndipo ngakhale pangolo mudzaona kachikwangwani kojambula ndi foni. Mlendo wopanda akaunti ya banki ya kumeneko nthawi zambiri amadalira ndalama za m'manja. Choncho sungani za 10, 20, 50 ndi 100, chifukwa mukatulutsa 500 pogula anyezi mudzamva *chhuttaa nahin hai*, palibe chenji. Musanasankhe katundu m'sitolo funsani *card chalegaa?*, khadi ilola?

Chachisanu ndi chimodzi, kudya

Funso loyamba kumeneko ndi lakuti *veg* kapena *non-veg*, chopanda nyama kapena cha nyama. Malo ambiri odyera saphika nyama n'komwe, ndipo ena ngakhale dzira. Pa mapaketi pali chizindikiro: kadontho kobiriwira m'kabokosi ndi chopanda nyama, chizindikiro chofiirira ndi cha nyama. Nkhuku ndi *murgh* koma ambiri amangoti *chicken*, nsomba ndi *machhli*, ndipo chimene amachitcha *mutton* kawirikawiri ndi nyama ya mbuzi. Ya ng'ombe musaifunse. Kwa Ahindu ng'ombe ndi yopatulika, ndipo m'madera ambiri malamulo amaletsa kuipha. *Paneer* ndi tchizi chofewa cha mkaka chimene chimalowa m'malo mwa nyama m'ndiwo zambiri.

Ngati simukudziwa choitanitsa, itanitsani *thaali*. Ndi mbale yaikulu yokhala ndi timbale ting'onoting'ono: *daal*, *sabzi* (ndiwo zamasamba), *chaawal*, *roti*, *dahi* (chambiko) ndi *achaar*, mango kapena mandimu oviika m'mafuta ndi tsabola. Mumalawa zambiri pamtengo umodzi, ndipo mukaloza kambale kalikonse n'kufunsa *yeh kyaa hai?* mwaphunzira mayina asanu musanakhute. Malo otchipa a m'mbali mwa msewu amatchedwa *dhaabaa*. Amadya ndi dzanja lamanja ngati ife, kunyema *roti* n'kutapira ndiwo, choncho pamenepa simudzaoneka mlendo.

Mawu a kakomedwe ndi ochepa: *teekhaa* chowawa tsabola, *meethaa* chotsekemera, *khattaa* chowawasa, *namkeen* chamchere, *garam* chotentha, *thandaa* chozizira. Tsopano bweretsani *sabse* ndi *kam* aja. *Sabse kam teekhaa kyaa hai?* Chosawawa kwambiri pa zonsezi n'chiyani? Ili ndi funso labwino kuposa kungoti "musathire tsabola", chifukwa ndiwo zambiri zimakhala zophikaphika ndipo woperekera zakudya angovomera kuti asakukhumudwitseni. Mukamufunsa moyerekeza, amakulozerani chimene chilipodi. Akabweretsa chowawabe, mwalawa kale, ndiye muli ndi poyezera: *isse kam teekhaa chaahiye*.

Kwa amene muli ndi wodwala, gawo ili ndi lanu. *Binaa* ndi "popanda": *binaa mirch*, *binaa namak*, *binaa cheeni*. Tiyi wa kumeneko amaphikira limodzi mkaka ndi shuga wambiri mu poto, choncho wa matenda a shuga anene asanathire kuti *binaa cheeni ki chai*. *Tel kam daaliye*, thirani mafuta ochepa. *Ismein kyaa hai?* Muli chiyani umu? Chakudya chimene eni ake amapatsa odwala ndi *khichdi*, mpunga wophika pamodzi ndi *daal* mpaka kufewa ngati phala lolimba, ndipo palinso *daliyaa*, phala la tirigu wosweka. Amalume atachitidwa opaleshoni, mnyamata wa pa kamalo kodyera ka pakona anazolowera moti ndikangotulukira ankayamba yekha kuti "*khichdi, binaa mirch, namak kam*", akupukuta manja pa kansalu ka paphewa, ine n'kungoyankha *haan ji*. Madzi itanitsani a m'botolo, *paani ki botal*, ndipo muone nokha kuti chitsekerero chake n'chosatsegula.

Mukafuna kuonjezera, *aur* ndiye mawu ake: *do roti aur*, machapati ena awiri. Muzimva akukufunsani *aur kuchh?*, china? Ndipo yankho lake mukulidziwa kuchokera kumudzi. Akamakuthirirani *daal* wina inu mutakhuta, ikani dzanja pamwamba pa mbale n'kunena *bas*. Ndi "basi" wathu yemweyu, tanthauzo lomwelo, kungodula "i" wa kumapeto. Chakudya chikakoma auzeni, *bahut acchaa thaa*, chinali chabwino kwambiri. Chotsala apakire, *pack kar deejiye*, kenako *bill laaiye*, ndi *shukriyaa* kapena *dhanyavaad*, zikomo, potuluka.

Poyeserera musananyamuke

Simufunika kudikira kufika ku Delhi. Tengani zinthu ziwiri za m'khitchini mwanu, anyezi ndi tomato, muziike patebulo. Nenani mokweza chimene chili chodula kuposa chinzake, kenako mutembenuze: *pyaaz tamaatar se mehengaa hai*, *tamaatar pyaaz se sastaa hai*. Onjezerani chachitatu kuti mugwiritse ntchito *sabse*. Mawa lake chitani chimodzimodzi ndi makapu awiri, *baraa* ndi *chhotaa*. Mkuja ndi tiyi ndi madzi, *garam* ndi *thandaa*. Mphindi 10 pa tsiku zikukwana. Mtengo uliwonse umene mwaumva pamsika wa kwanu, monga 150, 250 kapena 350, muutchule mumtima mwa Chihindi: *dedh sau*, *dhaai sau*, *saadhe teen sau*. Amene muli ku Limbe kapena ku Lilongwe muli ndi mwayi wina. Ambiri mwa amwenye a kwathu makolo awo anachokera ku Gujarat ndipo kunyumba amalankhula zilankhulo za kumeneko, koma Chihindi ambiri amachimva. Mukalowa m'sitolo mwawo nthawi yopanda makasitomala ambiri, nyamulani chinthu chimodzi, mufunse mwaulemu kuti *isse sastaa hai?*, ndipo muwapemphe akukonzeni katchulidwe.